Kuyenda m'nkhalango ndi namulondola: mmene mungakonzere ulendo kuchokera mu Mzuzu

Ndinabwera mu Mzuzu kudzagwira ntchito kuchokera ku Dedza, kumene mwana amakula akukwera phiri pokatola nkhuni. N'chifukwa chake anzanga atatu a kukwaya atati Loweruka lina tikawongole miyendo m'nkhalango ya paini cha ku Chikangawa, sindinaone chifukwa chofunira munthu wotitsogolera. Tinatsika minibasi mu msewu wa M1 kunja kuli ngwee. Itangokwana 1 koloko masana chifunga chinatsika mwakachetechete, chochindikala moti mnzako ali poteropo sumamuona bwino. Mitengo ya paini inadzalidwa m'mizere yofanana, timisewu ta malole onyamula matabwa natonso n'tofanana, ndipo foni zonse zinalibe netiweki. Tinazungulirazungulira kwa maola atatu. Mlongo wina amene anangovala bulauzi yokha anayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana, mawu osamvekanso bwino. Anatipulumutsa ndi bambo wina wocheka matabwa, amene tinamupeza potsatira kulira kwa sowo yake. Anatiyang'ana n'kufunsa m'Chitumbuka kuti, "Mwafuma nkhu?" Ankafunsa kumene tachokera. Atatiperekeza tinapeza kuti msewu unali pamtunda wa mphindi 20 zokha, mbali imene tonse anayi tinkalumbira kuti si kumeneko.

Kuyambira tsiku limenelo sindilowa m'thengo lachilendo popanda namulondola, amene ambiri timangomutchula kuti gaidi. Ndikudziwa kuti enafe timaganiza kuti gaidi ndi wa azungu obwera ndi makamera. Timati, "Ine Mmalawi ndilipirenso munthu kuti andionetse tchire?" Koma tchire lililonse lili ndi eni ake. Ndalama yanuyo imagula maso a munthu amene akayang'ana mtambo amadziwa kuti mvula ifika pakatha ola limodzi, ndiponso kulimba mtima kwake konena kuti "tibwerere" pamene inu mtima ukufuna kupitirira.

Yambani ndi ulendo wolingana ndi miyendo yanu

Mzuzu ali pamapiri a Viphya, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250, ndipo kulikonse kumene mungaloze chala kuli koyenda. Ngati simunayendepo mtunda wautali, musayambire ku Nyika. Yambani ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi, monga m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina, kapena ku Luwawa kumene kuli damu ndi njira zodziwika za m'nkhalango. Phiri la Hora ku Mzimba, kumene Angoni amachitira mwambo wa Umthetho mwezi wa Ogasiti, nalonso ndi la tsiku limodzi, koma lili ndi matanthwe ofuna munthu wodziwa poponda. Dziwani kuti Kaning'ina ndi Lunyangwa ndi nkhalango zotetezedwa ndi boma, ndipo damu la Lunyangwa ndi limene limatipatsa madzi akumwa mu mzinda muno. Simungangolowamo ngati m'munda wa amalume. Muyambe mwafunsa ku ofesi ya zankhalango.

Miyendo ikazolowera, pitani ku Livingstonia. Kuchokera pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja, msewu wa Gorodi umakwera phiri mokhotakhota pafupifupi ka 20, ndipo oyenda pansi ali ndi tinjira tawo tachidule timene mlendo sangatidziwe. Pamwamba pali mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita oposa 100, ndi phiri la Chombe pamene munthu umaona nyanja yonse itayalidwa kunsi kwako.

Ulendo waukulu ndi wa ku Nyika, paki yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1965. Nsonga yake yaitali, Nganda, ndi yopitirira pang'ono mamita 2,600. Kuchoka ku Chelinda, malo ogona alendo a m'pakimu, kutsikira ku Livingstonia ndi masiku atatu apansi, kugona m'matenti. Ulendo wotere, komanso kuyenda pansi kumalo osungira nyama zakutchire a Vwaza, si woti musankhe nokha ngati mukufuna wokutsogolerani kapena ayi: mumayenda ndi mlonda wa paki wonyamula mfuti. Ku Vwaza kuli njovu, njati ndi mvuu. Ku Nyika nako, kuwonjezera pa mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi akambuku, kuli njovu, zina mwa izo zija 34 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde mu 2017.

Pezani namulondola weniweni

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mukangotsika galimoto chikwama chili kumsana, anyamata amakuthamangirani, aliyense akuti ndi gaidi. Ena ndi odziwadi, ena angofuna ya sopo. Sindikuwanyoza, moyo wavuta, koma moyo wanu musauike m'manja mwa munthu amene mwangokumana naye pa siteji. Funsani ku ofesi ya paki, ku ofesi ya zankhalango, kapena kumalo ogona alendo a kufupi ndi kumene mukupita. Amenewa amagwira ntchito ndi anamulondola okhazikika, ndipo amadziwa amene ndi wodalirika ndi amene amamwa mowa pantchito. Sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu imaphunzitsa zokopa alendo, choncho mu tauni muno muli achinyamata a mapepala awo. Pepala ndi labwino, koma palokha silidziwa pamene mtsinje umawolokeka. Wabwino koposa ndi wophunzira amene anakuliranso kuderako, kapena wophunzira amene amayenda limodzi ndi mwana wa m'mudzi momwemo.

Mukamupeza, chezani naye tsiku la ulendo lisanafike, ngakhale pa foni. Mufunseni kuti njira imeneyi anaidutsa liti komaliza. Funso ili ndi lofunika kuposa mmene limamvekera, chifukwa ulalo wa mitengo umakokoloka ndi mvula imodzi, ndipo ku Chikangawa malo amene chaka chatha anali nkhalango lero akhoza kukhala zitsa zokhazokha. Mufunseni kumene mukapeze madzi akumwa, malo amene netiweki imagwira, ndiponso kuti wina atathyoka mwendo pakati panjira mungatulukire kuti, chipatala chapafupi n'chiti. Wodziwa amayankha mosadodoma, akutchula mayina a mitsinje ndi midzi. Ngati muli mbali ya Livingstonia akutchulirani chipatala cha David Gordon Memorial, ngati muli ku Nyika akuuzani kuti cha boma cha Rumphi chili kutali maola angati pa galimoto. Wongoyerekeza amangoti, "Osadandaula bwana, zonse zili bho." Mukamva yankho limenelo pa funso la chipatala, muthokozeni n'kukafuna wina.

Chizindikiro china n'chakuti namulondola weniweni nayenso amakufunsani mafunso. Amafuna kudziwa kuti muli angati, wamkulu ali ndi zaka zingati, pali wa mphumu, wa shuga, wa kuthamanga kwa magazi kapena wa bondo lovuta. Musabise. Amene ndimayenda nawo kawirikawiri ndi bambo wina wachikulire wa ku Rumphi. Tsiku loyamba, tisanakambe n'komwe za ndalama, anandiuza kuti nditukule phazi aone kunsi kwa nsapato. Anapukusa mutu nati, "Achimwene, izi n'zopitira ku ofesi. Pa Manchewe miyala imakhala yonyowa chaka chonse, muterereka nazo." Pamenepo ndinadziwa kuti ndapeza munthu.

Gwirizanani za ndalama musananyamuke

Mtengo umveke bwino, ndipo ulembedwe, ngakhale pa uthenga wa WhatsApp. Mumvane ngati ukuphatikiza chakudya chake, thiransipoti yake yobwerera, ndalama ya pageti ndi ya onyamula katundu. M'mapaki a boma Amalawi timalipira ndalama yochepa kusiyana ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika. Tenganinso ndalama yapamanja, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba sizithandiza kopanda netiweki. Mukakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi n'kusonkherana, mtolo umapepuka. Koma gulu likakula kupitirira anthu 8, onjezerani namulondola wachiwiri, chifukwa mmodzi sangaone wakutsogolo ndi wakumbuyo nthawi imodzi. Ndipo chonde musamunenerere mpaka kumufinya ngati mukugula tomato. Munthuyu ndi amene adzakuberekeni kumsana bondo likakana.

Onani nyengo ndi nthawi

Mvula kuno imayamba cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Epulo, ndipo mu Mzuzu imakonda kuchedwa kusiya, n'kumawazabe m'miyezi yozizira. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nthawi yabwino yoyenda, koma mu Juni ndi Julayi ku Nyika kumagwa chisanu, m'mawa udzu uli mbuu. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo Chelinda ili pamwamba pa Mzuzu ndi mamita ngati omwewo. Ndiye tengani kuzizira kwa Katoto, mu Mzuzu muno, mu Juni, muwonjezerepo, muikeponso mphepo yopanda choitchinga. Seputembala mpaka Novembala kumatentha ndipo ndi nthawi ya moto wolusa, umene pa udzu wouma umakwera phiri mwaliwiro kuposa munthu. Januwale ndi Febuluwale Nyika amavala maluwa, koma ndi nthawinso ya mphezi ndi mitsinje yodzaza.

Chifunga cha ku Viphya musachipeputse. Tonse tikukumbukira Juni wa 2024, pamene ndege imene munali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo ili yoipa. Asilikali ndi apolisi ochuluka anaifunafuna mpaka tsiku lotsatira. Ngati khamu lotero linavutika m'nkhalango imeneyi, kuli bwanji anthu anayi ongodalira foni?

Nyamukani m'mamawa, 6 koloko ikupezeni mwayambapo. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko madzulo, ndipo m'nkhalango mdima umafulumira kuposa kubwalo. Powerengera nthawi, ikani makilomita 4 pa ola pamalo athyathyathya, n'kuwonjezera ola lina pa mamita 500 alionse okwera. Musananyamuke, gwirizanani ola lobwerera. Likakwana mutembenuke, kaya mwafika pansonga kaya simunafike.

Longedzani zochepa koma zoyenera

Simufunika katundu wa m'mashopu odula. Pa kaunjika wa mu msika wa Mzuzu mupeza zonse: nsapato za mapazi okakala, juzi, jekete yosalowa madzi, chipewa. Nsapatozo muyambe mwayenda nazo mu tauni sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa zachilendo zimatulutsa matuza. Valani buluku lalitali lopepuka, osati jinzi, imene ikanyowa imalemera ndipo siuma msanga. Madzi akhale malita awiri kapena atatu pa munthu, ndi kabotolo ka WaterGuard ngati mukatunge panjira. Tengani mapaketi a Thanzi, bandeji, mankhwala anu a masiku onse, tochi ndi wezulo. Kamba wabwino ndi wathu yemweyu: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa. Foni ndi malaya ouma muzikulunge m'jumbo. Chitenje musachisiye, ngakhale abambo, chifukwa chimafunda, chimatchinga dzuwa, chimakolekera mkono wothyoka. Opita ku Vwaza apewe zovala zakuda ndi za buluu, poti zimakopa kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera.

Kunyumba musiyeko mawu: mwapita kuti, ndi yani, nambala ya namulondola, ndi ola limene ayambe kuda nkhawa mukapanda kuimba.

Panjira, mulekeni atsogole

Iye akhale patsogolo, wofooka kwambiri pagulu atsatane naye, wamphamvu atseke kumbuyo. Liwiro la gulu ndi la wofookayo. Pasapezeke wothamangira kutsogolo kuti akajambule yekha, kapena wopatukira kutchire osanena. Sipika ya nyimbo isiyeni kunyumba. Namulondola amagwira ntchito ndi makutu: kuthyoka kwa nthambi, kulira kwa anyani, phokoso la njuchi, mkokomo wa mtsinje umene wadzaza kumtunda.

Tsiku lina tikutsika chakunyanja m'nkhalango ya miombo, bambo aja a ku Rumphi anangoima chilili n'kutukula dzanja. Tonse tinaima. Ndi nsonga ya ndodo analoza pamasamba ouma, mapazi atatu kuchokera pamene ndinali. Ndinayang'anitsitsa osaona kanthu, mpaka masambawo anapuma. Inali mphiri, yonenepa ngati mkono wa munthu, itadzipinda pakati penipeni pa njira. Mphiri sithawa ikamva mapazi monga zichitira njoka zina, imangokhala phee kudalira khungu lake. Anatilambalalitsa mwakachetechete, osaiponya mwala, osaiputa. Titadutsa anangoti, "Pano m'pake, ife ndife odutsa." Patsogolo pang'ono anatiletsa kugwira mtengo wina umene unali ndi chitedze cholendewera, ndipo tisanakhale pansi kuti tidye anayamba wasanthula udzu kuona ngati mulibe linthumbu. Malo ena anatola waya wa msampha wa opha nyama mozemba, wotcheredwa pamsinkhu wa akakolo. Zonsezi m'tsiku limodzi, ndipo palibe chimodzi chimene ine ndikanachiona ndekha.

Koma kuyenda ndi namulondola si nkhani ya zoopsa zokha, ndipo mbali iyi ndi imene imandibwezera kutchire mwezi ndi mwezi. Munthu woyenda yekha amangoona mitengo. Woyenda ndi mwini dera amaona msuku, mlombwa, muwanga, ndi katope amene amakuuza kuti madzi ali pafupi. Amaphunzira kusiyanitsa mapazi a fisi ndi a kambuku: a fisi amaonetsa zikhadabo, a kambuku ayi. M'dzinja amaonetsedwa utale weniweni ndi bowa wina wofanana ndi wodyedwa koma wakupha, n'chifukwa chake musazule bowa uliwonse iye asanauone. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'gulu la chinaka, ndipo ndi namulondola amene anandifotokozera kuti kukumba mizu yake kokagulitsa kukutha maluwawo. Kuyambira pamenepo chinaka ndimachiona ndi maso ena. Funsani mafunso, musachite manyazi. Safunsa anadya phula.

Mbiri nayo imakoma ikamanenedwa pamalo pake. Ku Manchewe akulowetsani kuphanga la kuseri kwa mathithi, kumene anthu a m'derali ankabisala nthawi ya nkhondo ndi ukapolo, madzi akugwa patsogolo panu ngati chinsalu. Ku Livingstonia akuuzani za Dr Robert Laws amene anakhazikitsa mishoni pa Khondowe mu 1894 atachoka ku Bandawe, ndi za 1959, pamene boma la atsamunda linafuna kusamutsa azungu a pamishoni poopa zipolowe, iwo n'kuyankha poyala miyala pansi yolemba Aefeso 2:14, vesi lonena kuti Khristu ndiye mtendere wathu, kuti a m'ndege ya boma awerenge.

Kwa ife olankhula Chichewa palinso phindu lina. Njira zambiri zimadutsa m'midzi ya Atumbuka, Aphoka ndi Atonga. Namulondola amadziwa pofunika kulonjera amfumu, nkhalango imene ndi manda yosalowamo, ndi munda umene mwini wake safuna odutsa. Mukakumana ndi owotcha makala pakati pa tchire, musatulutse foni n'kuyamba kujambula. Anthuwo amakhala ndi mantha kuti ndinu a boma, ndipo mantha amabala ndewu. Musiyeni iye alankhule. Inu phunzirani mawu ochepa: "Monire" polonjera, "Muli uli?" pofunsa moyo, "Yewo" pothokoza. Mudzaona nkhope zikumasuka. Musajambule munthu kapena mwana wa munthu musanapemphe, ndipo zinyalala zanu zonse, ngakhale kapepala ka switi, zibwerere m'chikwama.

Zikavuta

Akanena kuti mubwerere, bwererani. Musamukakamize ndi mawu akuti "talipira kale". Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya namulondola wake pa phiri la Mulanje kuti akafike yekha pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Mapiri a kumpoto kuno si aatali choncho, koma mvula, mphepo ndi chifunga zimapha mofanana.

Kuzizira koopsa kumayamba ndi kunjenjemera kosaletseka, kenako munthu amayamba kupunthwa ndi kulankhula ngati woledzera. Mukaona zotere imani pamalo obisika ku mphepo, muvuleni zonyowa, muvekeni zouma, mumufunditse, ndipo ngati akutha kumeza mupatseni chakumwa chofunda cha shuga. Mowa ayi. Mphezi ikayamba muli pamtetete ngati wa ku Nyika, tsikani pachitunda, musabisale pansi pa mtengo woima paokha, ndipo musaunjikane malo amodzi. Mtsinje wodzaza musauwoloke. Madzi a m'mapiri amaphwa msanga mvula ikasiya, dikirani.

Njoka ikaluma wina, musatemere pabalapo, musayamwe, musamange mwendo ndi chingwe mothinitsa. Muvuleni mphete, wotchi kapena nsapato chotupa chisanakule, mwendowo usagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita kumsewu ndi kuchipatala mwachangu. Musataye nthawi kusaka njokayo. Apa ndi pamene funso lija la njira yotulukira limagwira ntchito.

Mukasiyana ndi gulu, imani pomwepo. Ife ku Chikangawa tinasochera kwambiri chifukwa chopitiriza kuyenda. Imbani wezulo katatu, mupume, muimbenso. Namulondola amabwerera kumene anakuonani komaliza, ndipo akupezani msanga ngati simunasunthe.

Mukabwerako

Mulipireni zonse zimene munagwirizana tsiku lomwelo, ndipo ngati wagwira bwino ntchito muonjezereni kangachepe. Sungani nambala yake, muipereke kwa anzanu, mukauzenso a kumalo amene anakulozerani kwa iye mmene mwayendera. Imbani kunyumba kuti mwatuluka. Posamba madzulo dziyang'aneni bwino m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa mawondo ndi m'mutu ngati mulibe nkhupakupa. Mukaipeza igwireni pafupi ndi khungu n'kuizula pang'onopang'ono, osaifinya mimba. Thupi likatentha m'masabata awiri kapena atatu otsatira, pitani kuchipatala, ndipo musangoti ndi malungo. Auzeni adokotala kumene munali, makamaka ngati kunali ku Vwaza ndipo kashembe anakulumani, kuti ayeze magazi moyenera.